Ukalandira Makiyi a Nyumba ya Akazitape

Mwana wanga, sendera kuno undimvere. Ndamva kuti boma lakulemba ntchito ku nthambi ya ukazitape, ndipo akuika kumbali ya ndalama, antchito ndi katundu. Anzako akuseka kuti walowa m'nyumba ya zinsinsi koma kukangokhala kalaliki. Aleke aseke. Kazitape woyenda kunja uko sadya mphepo. Galimoto yake imafuna mafuta, nyumba imene akugwiriramo ntchito imafuna lendi, munthu amene amamutsina khutu amafuna kangachepe, ndipo zonsezi zizidutsa pa tebulo lako. Wodziwa kumene ndalama ikupita amadziwa ntchito yonse ngakhale sadamuuze. N'chifukwa chake ndakuitana usanazolowere mpandowo, pakuti m'mera mpoyamba.

Choyamba, dziwa mtundu wa nyumba imene walowa. Mu unduna wamba maso ndi ambiri. Atolankhani amafunsa, aphungu amakuwa m'Nyumba ya Malamulo, wolondoloza ndalama za boma amabwera ndi anthu ake kudzavundukula mafayilo. Kumene ukupitako maso otere ndi ochepa, ndipo ochepawo amaonetsedwa zochepa. Lamulo lidachita dala, poti dzina la munthu wothandiza dziko mobisa likaululika, munthuyo akhoza kuphedwa. Koma chinsinsicho adachiikira kuteteza anthu ndi njira za ntchito, sadachiikire kuti bwana asafunsidwe kumene wapititsa ndalama. Nkhokwe imene satsegulatsegula ndi imene anankafumbwe amamaliza: kunja imaoneka yodzaza, tsiku lofuna kukonola upeza fumbi lokhalokha. Wotsegula nkhokwe imeneyo ndiwe. Buku lako likhale lokhwima kuposa la kalaliki wa ku unduna wa zamalimidwe, chifukwa iye akalakwitsa alipo ena omugwira dzanja, pamene iwe mwina palibe.

Tayang'ana kwa anansi athu a ku Zambia. Nthambi yawo ya ukazitape idali ndi akaunti yotchedwa Zamtrop ku London, ku ofesi ya kumeneko ya Zambia National Commercial Bank. M'zaka za ulamuliro wa Frederick Chiluba akauntiyo inkayendetsedwa ndi mkulu wa akazitape, Xavier Chungu, ndipo unduna wa zachuma unkathiramo ndalama ponena kuti n'zolipirira makontrakiti achitetezo. Poti zidali zachinsinsi, ofunsa adali ochepa. Chiluba atachoka pampando, womulowa m'malo Levy Mwanawasa adapempha Nyumba ya Malamulo mu 2002 kuti imuchotsere chitetezo cha mtsogoleri wopuma, ndipo mabuku adavundukulidwa. Mu May 2007 woweruza Peter Smith wa ku khoti lalikulu ku London adagamula kuti Chiluba, Chungu ndi anzawo adabera dziko lawo madola pafupifupi 46 miliyoni, kudzera mu akauntiyi komanso kontrakiti ina ya zida zankhondo zimene sizidafike. Zoposa madola 500,000 zidapita kusitolo ya zovala ku Geneva kukalipira masuti, malaya ndi nsapato. Ndalama yotuluka m'dzina la chitetezo cha dziko, mwana wanga, nkukathera kwa telala.

Tchera khutu pa mbali iyi, chifukwa ndi imene ikukhudza iwe wa mabuku. Pa mlandu wina ku Lusaka, Chiluba adanena kuti mu akauntiyo mudalinso ndalama zake, zimene abwenzi ndi omufunira zabwino adamupatsa. Mu August 2009 khoti lidamumasula, poti oimira boma adalephera kusonyeza kuti ndalama zimene ankamuimbira mlanduzo zidali za boma. Makhoti awiri, zigamulo ziwiri, ndipo anthu a ku Zambia adatsala akutsutsana. Kuweruza ndasiyira oweruza. Chimene ndikuona ine n'chakuti ndalama ya boma ndi ya munthu zitalowa m'thumba limodzi, padalibenso wotha kunena kuti iyi ndi ya yani. Usalole tambala ya munthu aliyense, ngakhale mtsogoleri wa dziko, ilowe mu akaunti ya ofesi, ngakhale atati n'kongosungitsa. Ya ofesi nayo isagone m'thumba lako kapena pa foni yako, ngakhale usiku umodzi.

Udzamva mawu akuti, "Izi n'za opareshoni, sizikhala ndi lisiti." Pali zoona pang'ono pamenepo. Munthu wobweretsa nkhani mobisa sangasaine dzina lake lenileni pa vocha yoti iziyenda m'makonde. Koma njira ilipo. Munthuyo amapatsidwa nambala kapena dzina lantchito. Amene wamulipira amalemba tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nambalayo. Mkulu wina amene sadagwire ndalamayo amatsimikiza kuti munthu wa nambala imeneyo alikodi ndipo zimene amabweretsa n'zaphindu. Buku lolumikiza nambala ndi dzina limakhala m'sefa ina, m'manja mwa wina. Iwe dzinalo sulifuna, ndipo usalifunefune. Chako n'kuona kuti wopempha ndalama, wovomereza ndi wotsimikiza kuti yafika ndi anthu atatu osiyana. Ukaona dzanja limodzi m'malo atatu onsewo, imitsa pepalalo. Ku America lamulo la 1949 limalola mkulu wa bungwe lawo la ukazitape, CIA, kuti ndalama zina zachinsinsi azitsimikize ndi chikalata chake chokha. Ona kuti ngakhale kumeneko pali chikalata, pali dzina la munthu amene wasenza udindo. Khomo lotere ndi la zinthu zowerengeka, ndipo ukaona mafuta a galimoto ndi mipando ya muofesi zayamba kudutsira pomwepo, dziwa kuti wina wapezapo podyera.

China, opa ndalama yogwira pamanja. Ku South Africa adaphatikiza nthambi zawo za ukazitape mu 2009 nkupanga State Security Agency. Mu 2018 mtsogoleri wa dzikolo, Cyril Ramaphosa, adasankha gulu lotsogozedwa ndi Sydney Mufamadi kuti liunike bungweli, ndipo lipoti lake lidatuluka poyera mu March 2019. Lidapeza kuti chinsinsi chidapyola muyezo, kuti ntchito zambiri zinkalipiridwa ndi ndalama yapamanja, ndiponso kuti bungwe la dziko lidasanduka chida cha gulu lina la andale. Mu January 2021, pamaso pa komishoni ya woweruza Raymond Zondo, mboni zidafotokoza za ndalama zotuluka kulikulu m'zikwama, pa mapepala oti wotenga adzafotokoza pambuyo pake mmene wazigwiritsira ntchito. Kufotokozako nthawi zambiri sikunkabwera, koma ndalama ina inkatulukabe. Loyiso Jafta, amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa bungweli, adauza komishoniyo kuti katundu wa marandi pafupifupi 9 biliyoni sankadziwika kumene ali. Ganizira zipatala zingati zikadamangidwa ndi ndalama imeneyo.

Zonsezo zidayamba ndi kamwambo kakang'ono kamene wina adakanyalanyaza, kakuti wotenga ndalama yapatsogolo asapatsidwe ina asanabweze malisiti ndi chenje cha yoyamba. Lamulo limeneli uligwire ndi manja awiri. Wamkulu akakwiya, mulandire mwaulemu, mupatse mpando, koma umuonetse buku kuti yakale ija ikadali yotsegula. Ukamulekerera kamodzi, mawa abwera ndi mnzake, ndipo sudzakhalanso ndi pakamwa pokanira. Sefa uziwerenga ndi munthu wina, nonse nkusaina, ndipo tsiku lowerenga lisamadziwike. Muzisunga ndalama yochepa, yokwanira masiku owerengeka. Nyengo ya Khirisimasi ya 2015 ndalama zakunja zokwana marandi pafupifupi 17 miliyoni zidabedwa m'maofesi a bungwe lomwelo ku Pretoria. Mpanda udalipo, alonda adalipo, koma ndalama yochuluka choncho ikagona m'sefa pa tchuthi, imaitana yokha amene akudziwa pamene ili.

Za bajeti ndingonena mwachidule. Popempha ndalama za chaka, lemba zimene nyumbayo ikufunadi, ndipo usaiwale zosaoneka bwino pa pepala: kukonza denga, dizilo wa jenereta, matayala, maphunziro a antchito. Akuluakulu amakonda kugula makina atsopano, koma makina opanda ndalama yowasamalira amafa chaka chachiwiri. Ndalama ya mzere uwu usaisamutsire ku mzere uwo popanda chilolezo cholembedwa. Chaka chikatha ndalama itatsala, nena kuti yatsala. Ku America kuli bungwe loyang'anira masetilaiti aukazitape, National Reconnaissance Office, limene boma lidavomera poyera kuti liliko mu 1992. Mu 1994 aphungu adadandaula kuti sadauzidwe bwino za likulu la madola pafupifupi 300 miliyoni limene linkamangidwa ku Chantilly, m'chigawo cha Virginia. Posakhalitsa kudapezekanso kuti bungweli lidaunjika madola pafupifupi 4 biliyoni osagwiritsidwa ntchito, ndipo mu 1996 mkulu wake ndi wachiwiri wake adachotsedwa. Sadawachotse chifukwa choba. Adawachotsa chifukwa eni ndalama sankadziwa zoona za ndalama yawo.

Ndale uzitalikire. Chaka cha chisankho chikayandikira, mapepala achilendo amachuluka: nsalu, mafuta a magalimoto osadziwika, maalawansi a anyamata amene sudawaonepo. Adzakuuza kuti zachokera kumwamba. Kumbukira kuti boma limasintha koma fayilo imatsala, ndipo olowa m'malo akadzaivundukula adzapeza siginecha yako, osati mawu a amene adakuimbira foni. Ife tidakhalako m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene dzina la Special Branch linkaumitsa anthu pakamwa. Focus Gwede, amene ankaitsogolera, adamangidwa mu 1976 pamodzi ndi Albert Muwalo, mmodzi wa akuluakulu a chipanicho. Muwalo adanyongedwa mu 1977, Gwede adakhala m'ndende zaka zambiri. Mphamvu imene idatsekera ena idatsekeranso eni ake. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Tsopano za anthu, ndipo apa ndichedwapo. Polemba antchito, makalata ochokera kwa akuluakulu adzakupeza: uyu ndi mphwanga, uyu ndi wa kwathu, uyu adatithandiza pa kampeni. Kuofesi ina wolowera pawindo amangowononga malipiro. Kwanuko amawononga miyoyo, chifukwa munthu wotere amamvera amene adamulowetsa, osati lamulo, ndipo akalakwa palibe womulanga, poti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Aliyense adutse pa kufufuzidwa mbiri yake: sukulu, ngongole, milandu, anthu amene amayenda nawo. Kufufuzako kuzibwerezedwa pakapita zaka, chifukwa munthu amene adali wolungama polowa akhoza kupindika pakati pa njira.

Maina a mizukwa pa mndandanda wa malipiro ndi matenda a boma lonse, koma kwanuko mzukwa uli ndi pobisala pabwino. Ukafunsa kuti uyu ali kuti, adzakuyankha kuti ali kumunda, saoneka. Mwina n'zoona. Komabe payenera kukhala mkulu mmodzi amene chaka ndi chaka amasaina kuti munthu ameneyu wamuona ndi maso, ali moyo, akugwira ntchito. Wopuma, womwalira ndi wochotsedwa achoke pa mndandanda mwezi womwewo. Maina awiri akamalandirira ku akaunti imodzi ya banki, funsa.

Malipiro ndi maalawansi a antchito azituluka pa nthawi yake. Usaone ngati nkhani yaing'ono. Munthu wodziwa zinsinsi za dziko amene walowa katapila, lendi yamuthina, mwana wabwezedwa kusukulu, ndiye amene adani amamufuna. Pepala la alawansi ya mnzako likagona pa tebulo lako milungu itatu, wamukankhira kwa ogula.

Imva za Aldrich Ames. Adali wogwira ntchito ku CIA, ndipo mu 1985, ngongole zitamuthina, adayamba kugulitsa maina kwa a Soviet Union. Anthu osachepera 10 amene ankathandiza America mobisa adaphedwa. Malipiro ake sankafika madola 70,000 pa chaka, koma mu 1989 adagula nyumba ya madola 540,000 ku Arlington popanda ngongole, nkumayendera galimoto ya Jaguar. Kuledzera kwake kunkadziwika. Makina oyesa bodza adawadutsa kawiri, mu 1986 ndi mu 1991. Mnzake wina wapantchito adakanena za chuma chodabwitsacho mu 1989, koma nkhaniyo idayenda pang'onopang'ono. Chimene chidamugwira n'chiyani? Kagulu kochepa kotsogozedwa ndi mayi Jeanne Vertefeuille kadakhala pansi ndi mapepala, ndipo mayi Sandy Grimes adaona kuti masiku amene Ames ankaika ndalama kubanki ankatsatana ndi masiku amene ankakumana ndi munthu wina wa ku ofesi ya kazembe wa Soviet Union. Adamangidwa mu February 1994. Zaka pafupifupi 9 zidapita, anthu atatha kale. Amene adamugwira ndi anthu oleza mtima ofananiza madeti ndi manambala, ntchito yonga yakoyo.

Pamenepa usandimve molakwa. Sindikukutuma kuti uzisuzumira m'miphika ya anzako kapena kuchitira kaduka aliyense wogula njinga yamoto. Miseche imapasula ofesi msanga kuposa mdani. Koma ukaona chuma chimene malipiro sangafotokoze, kapena mnzako akumira m'mowa ndi m'ngongole, kanene kwa amene udindo wake ndi umenewo, kamodzi, polemba, popanda kuthira mchere. Nthawi zina ukhala wamupulumutsa asanagwe. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo manyazi a anzake a Ames adaphetsa anthu kutali amene iwo sadawaonepo.

Wochoka pantchito umusamale kuposa wolowa. Tsiku lomwe wachoka abweze makiyi, chiphaso, foni ndi kompyuta, ndipo manambala achinsinsi amene ankadziwa asinthidwe dzuwa lisanalowe. Koma umuperekeze mwaulemu, ndipo penshoni yake uithamangire ngati ya bambo ako. Zimene zili m'mutu mwake sangabweze pa kauntala. Edward Lee Howard adachotsedwa ku CIA mu 1983 atauzidwa kale zinsinsi za ntchito ya ku Moscow, kumene ankayenera kupita. Adachoka ndi mkwiyo, adakagulitsa zimene ankadziwa, ndipo mu 1985 adathawira ku Moscow komweko. Munthu wolakwa achotsedwe ndithu, koma wina aziganiza kuti akupita kuti ndipo akadya chiyani.

Osesa, mesenjala, dalaivala, wophika tiyi, mlonda wa pachipata: awa uwadziwe maina, uwapatse moni, uwalipire pa nthawi, ndipo nawonso afufuzidwe mbiri monga wina aliyense. Iwo amalowa m'zipinda zimene iwe sulowa. Mu 1943 ndi 1944 ku Ankara, wantchito wa m'nyumba ya kazembe wa Britain, Elyesa Bazna, ankatsegula bokosi la bwana wake, nkujambula zikalata, nkukagulitsa kwa a Germany. Palibe ankamuganizira, poti adali wongokonza zovala ndi madzi osamba. Munthu amene akuluakulu samuona ndi amene amaona zonse. Ukamunyoza wadzipangira mdani wokhala ndi kiyi.

Mafayilo a antchito uwasunge ngati mmene ungasungire mankhwala oopsa pa nyumba ya ana. M'menemo muli matenda a munthu, ngongole zake, maina a mkazi ndi ana, mudzi wa kwawo. Mu 2015 zidadziwika kuti akuba a pa kompyuta adalowa mu ofesi yosunga mbiri ya ogwira ntchito m'boma la America nkutenga zofufuza za anthu 21.5 miliyoni. Sadathyole nyumba ya akazitape, adangolowa kwa akalaliki. Fayilo isatuluke popanda kusainira, ndipo iwe usawerenge ya mnzako chifukwa chongofuna kudziwa.

Pogula katundu ndi popereka makontrakiti m'pamene ambiri amaterereka. Poti simungalengeze tenda iliyonse m'nyuzi, mumagula kwa makampani ochepa odalirika, ndipo mpata wa chinyengo uli pomwepo. Kyle Foggo adali wachitatu pa akuluakulu a CIA kuyambira 2004 mpaka 2006, woyang'anira ndalama, antchito ndi katundu tsiku ndi tsiku. Udindo wake udali wonga wako, kungoti waukulu. Adakankhira makontrakiti kwa mnzake wa paubwana, Brent Wilkes, kuphatikizapo yopereka madzi a m'mabotolo kwa antchito a ku Iraq, iye nkumalandira maulendo ndi madyerero. Adavomera mlandu mu 2008, ndipo mu 2009 adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 37. Madzi akumwa, mwana wanga! Ngakhale tenda ili yachinsinsi, mitengo ifunsidwe kwa ogulitsa angapo, wolandira katundu akhale wina osati woitanitsa, ndipo ngati mwini kampani ndi mnzako kapena m'bale wako, nena poyera nkutuluka m'chipindamo. Wogulitsa akakutumizira mbuzi ya Khirisimasi, ibwerere ndi chingwe chake chomwe.

Nyumba nayo ili ndi makutu ngati womanga sadayang'aniridwe. A America adayamba kumanga ofesi yatsopano ya kazembe wawo ku Moscow mu 1979, ndipo adalola kuti zipilala ndi zidutswa za konkire zikonzedwe ndi eni dziko kumalo kumene iwo sankaona. Mu 1985 ntchito idaima, zitadziwika kuti m'kati mwa konkiremo mudadzaza zida zomvetsera. Adakangana zaka zambiri, kenaka adagumula pamwamba nkumanganso ndi anthu awo, ndipo nyumbayo idayamba kugwira ntchito mu 2000. Mu 1984 adapezanso kuti mataipi ena a IBM a muofesi zawo kumeneko adali ndi tizida totumiza kunja chilembo chilichonse chimene mlembi wagogoda. Tsono pulambala, wa magetsi, wokonza makina ojambulira mapepala, asayende yekha m'nyumbamo. Wina azimuperekeza kuyambira pachipata mpaka potuluka, ndipo dzina lake lilembedwe. Makina opatsidwa ngati mphatso ndi dziko lina ayambe aunikidwa ndi odziwa asanalumikizidwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zinyalala usazipeputse. Ophunzira a ku Iran atalanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran mu November 1979, adatola mapepala odulidwa ndi makina, nkuwalumikiza kachidutswa ndi kachidutswa, nkuwasindikiza m'mabuku. Pepala lotha ntchito liotchedwe anthu awiri akuona mpaka lisanduke phulusa. Kompyuta yakale isagulitsidwe pa okushoni ili ndi zam'kati mwake. Ndipo pepala la ofesi lisapezeke likukulunga mandasi kapena usipa pamsika, poti zoterezi taziona m'maofesi ena.

Magalimoto, mafuta ndi nyumba zobwereka zikhale ndi kaundula wake, ndipo chaka chilichonse wina apite akazione ndi maso. Galimoto yopanda nambala ya boma ndi nyumba yolembedwa m'dzina la munthu wamba n'zofunika pa ntchito yanu, koma ndi zomwezo zimene zimasanduka za mwini dzinalo mwakachetechete. Pakhale chikalata chosungidwa m'sefa chonena kuti katunduyo ndi wa boma, chosainidwa tsiku logula, osati tsiku la mkangano.

Tchuthi chako uzitenga chaka chilichonse, ndipo wina azikhala pa mpando wako uli kumudzi. Ukaona kalaliki amene safuna kupuma, amene fayilo yake sagwiritsa munthu, usamutame msanga kuti ndi wakhama. Kawirikawiri pali chimene akuopa kuti mnzake angachione. Mabuku ako akhale oti munthu wina atha kuwatsegula mawa m'mawa nkuwamva popanda kukuimbira foni.

Tsiku lidzafika limene wamkulu adzakuuza ndi pakamwa kuti, "Ingosaina, mapepala abwera." Usakweze mawu, usamuchititse manyazi pagulu, poti ndi mkulu ndipo ulemu ndi wake. Unene modzichepetsa kuti, "Bwana, ndithandizeni polemba kuti ndikhale ndi poyambira." Lamulo loona silivuta kulemba. Akakana kulemba, wadziwa kale mtundu wa lamulolo. Akakukakamiza, pita ku makomo amene lamulo lidatsegula: wolondoloza ndalama wa m'kati, mkulu woposa iyeyo, kapena amene lamulo lidawapatsa mphamvu yoyang'anira nthambi yanu. Makomo amenewo uwadziwe lero, mavuto asanafike, poti nkhanga zidapangana kusanapse. Usatengere mapepala achinsinsi kunyumba poti ukudziteteza, ndipo usawaponye pa WhatsApp, chifukwa pamenepo wapalamula mlandu wako wekha ndipo ukhoza kuphetsa munthu wosalakwa amene dzina lake lili m'menemo. Mwina adzakusamutsira ku ofesi yakutali yopanda alawansi. Pita. Kumbukira za Cashgate mu 2013: ena mwa amene adagwidwa ndi mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba adali anthu a maakaunti a maudindo aang'ono, ndipo kukhoti aliyense adayankha yekha. Mlandu suola.

Lilime lako ulimange. Kumowa, kumaliro, kutchalitchi, mu minibasi, ukafunsidwa ntchito uzingoti uli m'boma, kumbali ya maakaunti, basi. Usatchule amene wabwera kudzatenga ndalama, kapena kumene galimoto yapita, ngakhale kwa mnzako wapamtima, ngakhale kwa amene udzakwatirane naye. Kumubisira zimenezi n'kumuteteza, pakuti chimene sadziwa sangafunsidwe. Ndiponso usagwiritse dzina la ofesiyo poopseza anthu pa rodibuloko kapena pa mkangano wa malire a munda. Anthu akuopa kale nyumba imeneyo chifukwa cha zakale, iwe usawonjezere.

Chotsala ndi ife, abale ako. Tikamva kuti uli kumene kumadutsa ndalama, tidzabwera. Uyu fizi, uyu feteleza, uyu malata, uyu akufuna umulowetse mwana wake ntchito. Ena adzakunena kuti wadzikuza, kuti waiwala kwanu. Akalaliki ambiri amene ndidawaona akugwa sadayambe ndi dyera, adayamba ndi chisoni pa abale, nkubwereka m'sefa kuti adzabweza pa malipiro. Iwe thandiza ndi zimene walandira pa mwezi, ndipo zikatha unene kuti zatha. Khala m'nyumba imene malipiro ako angathe, kuti tsiku lokana kusaina usaope kutaya zimene sunayenere kukhala nazo. Maliro akagwa kuno, tumiza zimene ungathe, ife tidzasonkha zotsalazo monga timachitira. Wodandaula kuti watumiza zochepa umuuze abwere kwa ine, ndikambirana naye ndekha.